MLENDO WOSADZIŴA KUTSANZIKA

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, koma m'nyanja zikuluzikulu za mchere muli nsomba ina imene mwambiwu suikhudza. Dzina lake ndi remora. M'nyanja ya Malaŵi mulibe, pakuti siikhala m'madzi opanda mchere. Ilipo mitundu 8, ndipo yonse imayenda ulendo wa matola osalipira, itamatirira pa thupi la shaki, kamba wa m'nyanja kapena nyama ina yaikulu. Mtundu umodzi, wotchedwa Remora australis, umakonda anamgumi ndi madolofini, nyama zija zokhala m'madzi koma zopuma mpweya ndi kuyamwitsa ana.

Chinsinsi chake chili pamutu. Chipsepse chimene nsomba zina zili nacho pamsana, pa remora chinasanduka kambale kathyathyathya kokhala ndi timizere ngati kunsi kwa nsapato ya mphira. Ikagunditsa kambaleko pa khungu ndi kudzutsa timizereto, imamatirira kolimba, ndipo timinga ting'onoting'ono ta pa timizerepo timaletsa kuterereka. Madzi akamaikankhira m'mbuyo, m'pamene imagwiritsitsa. Ikafuna kuchoka, imangosambira chamtsogolo, basi yamasuka.

Sikuti ndi ulesi chabe ai. Remora ilibe kathumba ka mpweya kamene kamathandiza nsomba zambiri kuyandama, motero ulendo wautali payokha ungaitopetse. Pa namgumi imapeza zonse: ulendo, chitetezo, ndi chakudya, ndicho tizilombo ta pakhungu, mafundudwa a khungulo, nyenyeswa, ngakhalenso ndowe za mwini wakeyo.

M'chaka cha 2020 Brooke Flammang ndi anzake anafalitsa zimene anaona pa makamera omatidwa pa anamgumi aakulu a mtundu wa blue whale kufupi ndi California. Anapeza kuti remora siimata chimatemate. Imasankha kuseri kwa mphuno imene namgumi amapumira, pafupi ndi chipsepse cha pamsana, ndi m'nthiti, malo amene mphamvu ya madzi imachepa, monga momwe munthu amabisalira mphepo kuseri kwa nyumba. Ndipo imasendera kuchoka pena kunka pena namgumi ali paulendo, osatsalira.

Nanga mwini thupi amapindulanji? Kwa namgumi wotalika mamita oposa 20, katunduyu ndi wopepuka, ndipo kuchotsedwa tizilombo ndi malipiro okwanira. Dolofini ndiye amaona zakuda. Thupi lake ndi laling'ono, moyo wake wagona pa liŵiro, ndipo remora imamlemera ndi kumsiyira mikwingwirima pa khungu. Pali madolofini ena amene amalumpha m'madzi nazungulira m'malere kangapo asanagwe. Akatswiri aŵerengera napeza kuti kugwa kotereku kuli ndi mphamvu yokwanira kuthothola mlendoyo, ngakhale kuti kulumphako kungakhale ndi zifukwa zinanso.

Anthu anaidziŵa kalekale nsombayi. Dzina lakuti remora m'Chilatini litanthauza kuchedwetsa, pakuti Aroma ankakhulupirira kuti ikamatirira pa ngalaŵa imaiimitsa. Pliny analemba kuti inagwira ngalaŵa ya Mark Antony pa nkhondo ya ku Actium m'chaka cha 31 Yesu asanabadwe. Imeneyo ndi nthano. Asodzi a m'mbali mwa nyanja ku Mozambique ndi Zanzibar ndiwo anaimvetsa bwino. Ankaimanga chingwe kumchira naiponya pafupi ndi kamba. Iyo, pofuna pokwera, inkamata pa chigoba, ndipo asodziwo ankangokoka chingwe, remora ndi kamba yemwe.