Tizirombo Timawerengana Tisanaononge Mbatatesi Zanu

Alimi a mbatatesi, kabici ndi anyezi alidziwa bwino tsoka ili: zokolola zioneka zabwino pozisunga, koma patapita masiku owerengeka thumba lonse lasanduka phala lonunkha. Ocititsa zimenezi ndi mabakiteriya, tizirombo tosaoneka ndi maso, ndipo akatswiri a sayansi anapeza kuti timayamba tawerengana tisanaukire.

Nzeru imeneyi inatulukira ku America. Mu 1970 Kenneth Nealson, Terry Platt ndi Woodland Hastings a pa yunivesite ya Harvard anali kupima mabakiteriya a m'nyanja ya mcere amene amawala mumdima. Iwo anaona kuti mabakiteriyawo akakhala ocepa sawala, koma akaculuka amayamba kuwala onse pamodzi.

Cinsinsi cake ndi ici. Kacirombo kalikonse kamatulutsa timankhwala pang'ono pamalo pamene kali, ndipo kamathanso kumva timankhwala tomweto. Taganizani za utsi wa fodya. Munthu mmodzi akamakoka pabwalo utsi umamwazika, koma anthu 20 akakokera m'nyumba yotseka, ngakhale wakhungu adziwa kuti muli gulu. Momwemonso timankhwalato tikaculuka, tizirombo timadziwa kuti takwana. Mu 1994 khalidweli linapatsidwa dzina la Cingelezi lakuti quorum sensing, potengera lamulo lija lakuti msonkhano suyamba mamembala asanakwane.

Mabakiteriya oolesa mbatatesi, ochedwa Pectobacterium, amacita cimodzimodzi. Kawirikawiri amalowera pa bala la khasu. Akali ocepa amangoswana mwakacetecete, pakuti akayamba nkhondo msanga mbeu ikhoza kudziteteza. Akakwana amatulutsa onse pamodzi madzi osungunula ulimbo umene umagwirizanitsa mnofu wa mbatatesi, ndipo kuola kumayamba. Ngakhale kwa tizirombo, mutu umodzi susenza denga.

Thupi la munthu nalonso limakumana nazo. Mabakiteriya ochedwa Pseudomonas aeruginosa amakonda zironda, makamaka za moto. Akaculuka amagwirizana ndi kudzikuta ndi utomoni woterera umene mankhwala a kucipatala amavutika kuuboola. Ici ndi cimodzi mwa zifukwa zimene cironda conyalanyazidwa cimacedwera kupola.

Akatswiri ali kufufuza mankhwala osokoneza uthenga wa tizirombo kuti tizilephera kumvana. Koma mlimi ali nayo kale njira yake, ndiyo kusalola kuti tikwane. Kumbani mbatatesi nthaka ili youma, ndipo samalani kuti khasu lisaziteme. Ziumitseni pamthunzi ndi kuzisunga pamalo ozizira, opita mphepo, cifukwa cinyezi ndi kutentha zimafulumizitsa kuswana kwa mabakiteriya. Yotemeka idyeni msanga, ndipo yoola itayeni kutali isanapatsire zinzake. Cironda citsukeni ndi madzi oyera ndi sopo tsiku lomwelo, ndipo cikayamba kutupa kapena kutuluka mafinya pitani naco kucipatala musanacedwe.