Bodza likalowa pa Facebook ndi WhatsApp, amaliweruza ndani?

Facebook, Instagram ndi WhatsApp ndi masamba a kampani imodzi ya ku America, Meta. Aliyense wotsekula akaunti amavomera malamulo ake, ngakhale ambirife timangodina osawerenga. Malamulowo amasiyanitsa milandu iwiri: kunena zabodza, ndi kudzibisa kuti anthu asadziwe amene akulankhula. Wabodza kawirikawiri amangomutsitsa mawu, koma wachinyengo amamutulutsa kunja. Wodziwa kusiyanaku sadabwa akaona nkhani yomwe anaineneza idakalipobe.

Bodza limene amalichotsa

Meta imanena poyera kuti siifufuta nkhani chifukwa chongoti ndi yabodza. Imachotsa bodza limene lingavulaze kapena kuphetsa anthu posachedwa, monga mphekesera yoti m'mudzi wakuti mwalowa anamapopa, anthu atanyamula kale zikwanje. Imachotsanso bodza losokoneza chisankho: kusintha tsiku loponya voti, kunama za malo ovotera, kapena kuuza anthu kuti sakuloledwa kuvota pomwe akuloledwa.

Bodza limene amangolichepetsa liwiro

Mabodza ena onse amadzera njira ina. Kuyambira mu December 2016, Facebook yakhala ikugwira ntchito ndi mabungwe oima paokha ofufuza zoona, ovomerezedwa ndi International Fact-Checking Network. Muno mu Africa ena mwa iwo ndi Africa Check, PesaCheck ndi AFP. Tiyerekeze kuti wina waika chithunzi cha mlatho wokokoloka n'kulemba kuti "zachitika lero m'mawa". Ofufuza amasaka kumene chithunzicho chinayambira. Akapeza kuti n'chakale kapena n'cha dziko lina, amachigamula kuti n'chabodza. Chithunzicho sichichotsedwa, koma amachiphimba ndi chenjezo, chimafika kwa anthu ochepa, ndipo wofuna kuchigawa amayamba wachenjezedwa. Tsamba lomwe lazolowera kunama limatsitsidwa lonse, ndipo likhoza kuletsedwa kutsatsa malonda kapena kupanga ndalama.

Njirayi ili ndi mipata. Maganizo a munthu sagamulidwa. Zolankhula za andale ndi zotsatsa zawo nazonso ofufuza saloledwa kuzikhudza, poti Meta imati ovota adziweruzire okha. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Kuwonjezera apo, mu January 2025 mkulu wa Meta, Mark Zuckerberg, analengeza kuti ku United States athetsa ntchito ya mabungwewa. M'malo mwake anayamba Community Notes, njira yomwe tsamba la X limagwiritsa ntchito: ogwiritsa tsambalo amalemba okha mawu owongolera nkhani, ndipo mawuwo amaonekera pokhapokha anthu amene nthawi zambiri amasiyana maganizo atagwirizana kuti n'ngothandiza.

Chinyengo

Apa ndiye Meta siinyengerera. Kutsekula akaunti ndi dzina ndi chithunzi cha abusa, nduna kapena woimba wotchuka n'kumapempha anthu kuti "tumizani kangachepe pa nambala iyi" ndi mlandu wotseketsa akaunti. Chimodzimodzinso kulonjeza ntchito kapena ngongole yomwe kulibe pofuna kudyera anthu masuku pamutu.

Mlandu waukulu ndi wa gulu loyendetsa maakaunti abodza ambirimbiri kuti mawu a munthu mmodzi aoneke ngati a khamu. Pamenepa kampani siifunsa ngati zolembedwazo n'zoona. Imayang'ana machitidwe ake. Mu October 2019 Facebook inachotsa maakaunti ogwirizana ndi Yevgeny Prigozhin wa ku Russia, omwe ankalunjika mayiko angapo a mu Africa, kuphatikizapo Mozambique ndi Madagascar. Mu January 2021, kutatsala masiku ochepa kuti Uganda ichite chisankho, inatseka maakaunti omwe inati ankayendetsedwa ndi nthambi ya unduna woona za mauthenga m'dzikolo. Boma la Pulezidenti Yoweri Museveni linabwezera potseka Facebook.

WhatsApp ndi nkhani ina

Mauthenga a pa WhatsApp amamangidwa mwakuti ngakhale kampaniyo siingawawerenge. Choncho palibe wofufuza amene amaona zomwe zikuyenda m'gulu la mpingo, la banja kapena la banki m'khonde. Chomwe kampani inachita n'kuika zotchinga. Mphekesera za akuba ana zitaphetsa anthu ku India mu 2018, WhatsApp inachepetsa malo otumizako uthenga nthawi imodzi kufika pa asanu m'dzikolo, ndipo mu January 2019 lamuloli linafika dziko lonse lapansi. Kuyambira mu April 2020, uthenga womwe wadutsa m'manja ambiri, uja wokhala ndi timivi tiwiri, umatumizidwa kumalo amodzi basi pa nthawi. Mukaneneza munthu, kampani imalandira mauthenga asanu omaliza amene anakutumizirani, ndipo ikhoza kutseka nambala yake pa tsambalo.

Kuneneza ndi kuchita apilo

Pa Facebook ndi Instagram, timadontho titatu tili pamwamba pa nkhani ndito timatsekula njira yonenezera, ndipo wonenezedwayo sauzidwa dzina lanu. Ngati nkhani yanu yachotsedwa molakwika, mumapempha kuti aiunikenso. Mukakanidwa, mukhoza kukadandaula ku Oversight Board, gulu la akatswiri a malamulo, atolankhani ndi omenyera ufulu lomwe linayamba ntchito mu 2020. Limasankha milandu yochepa, koma chigamulo chake pa nkhaniyo Meta imayenera kuchitsatira. Mu May 2021 linavomereza kuimitsidwa kwa akaunti ya Donald Trump, koma linati chilango chopanda malire n'chosayenera, ndipo Facebook inachiikira zaka ziwiri.

Malamulo a dziko

Kupulumuka kwa Meta si kupulumuka kukhoti. Ku Malawi, gawo 60 la Penal Code limaletsa kufalitsa nkhani zabodza zomwe zingachititse anthu mantha, ndipo lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limalanga kuzunza ndi kuopseza ena pa intaneti. Atolankhani ndi omenyera ufulu akhala akudandaula kuti malamulo otere amathanso kugwiritsidwa ntchito potseka pakamwa odzudzula boma, choncho nzika iyenera kuwadziwa mbali zonse ziwiri.

Pa zonsezi, mbali yaikulu ya bodza imatsalabe m'manja mwa ife owerenga, makamaka likalembedwa m'Chichewa kapena likayenda m'magulu otsekeka. Musanatumize, onani tsiku, funsani kuti wanena ndani, ndipo fufuzani ngati wailesi kapena nyuzipepala yodziwika yaulutsa nkhaniyo. Mawu oti "ndangotumiza momwe ndalandirira" sachotsa udindo pa amene wadina.