Ndalama za Nthawi ya Nkhondo: Musazikwece, Musafulumire Kuzigulitsa

M'midzi yambiri ya kum'mawa kwa Zambia mukali mabanja amene asunga tindalama takale m'kacitini kapena pa mfundo ya nsalu, tosiyidwa ndi makolo amene anagwira nchito ku migodi, kapena amene anapita ku Somaliland, Abyssinia ndi Burma ndi gulu la Northern Rhodesia Regiment pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945. Ndalamazi sizigula kanthu m'sitolo, pakuti kwacha ndi ngwee zinalowa m'malo mwa mapaundi, masileni ndi makobiri pa 16 January 1968. Komabe zina mwa izo zili ndi mtengo, ndipo banja losadziwa lingathe kunyengedwa ndi wogula woyendayenda, kapena kuononga lokha cuma cake.

M'zaka zimenezo dziko lino linalibe ndalama yakeyake. Zambiri zimene anthu anali kulandira zinali zolembedwa "Southern Rhodesia," za mfumu George VI. Acikulire akumbukira zizindikiro zake: mikondo itatu pa tiki, nkhwangwa ziwiri zopingasa pa susu, mbalame ya Zimbabwe pa sileni, ndi mphalapala pa ndalama ya masileni awiri.

Coyamba kuona ndi caka, cifukwa nkhondo inasintha citsulo copangira ndalamazi. Kobiri lija la ciboo pakati poyamba linali loyera, la mkuwa wosanganiza ndi nikelo. Mu 1942 nikelo anafunika kwambiri pa zida za nkhondo, motero anayamba kupanga makobiri ofiirira. Ndico cifukwa cake a caka cimeneco apezeka a mitundu iwiri, oyera ndi ofiirira, ndipo onsewo ndi enieni.

Nkhani yaikulu ili pa siliva. Tiki, susu, sileni ndi zinzake za 1942 kubwerera m'mbuyo zili ndi magawo 925 a siliva pa magawo 1,000. Za 1944 mpaka 1946 zili ndi theka cabe, ndipo kuyambira 1947 mulibemo siliva konse, cinkana maonekedwe ake ndi oyera cimodzimodzi. Ndalama ya masileni awiri ya 1942 inali kulemera magalamu 11.3 ikali yatsopano, ndipo oposa 10 mwa amenewa ndi siliva weniweni. Tsono ngakhale itafufutika cotani, siliva wake sataya mtengo. Wogula amene anena kuti "yatha iyi, ndi yacabe" afunsidwe caka colembedwapo asanaiike m'thumba.

Mtengo waciwiri ndi umene amapereka anthu okonda kusunga ndalama zakale. Iwowa amayang'ana pamene padatukuka kwambiri, pakuti ndi pamene pamayamba kutha: cisoti ca mfumu, tsitsi ndi khutu, ndiponso nthenga za mbalame ndi nyanga za mphalapala kuseri kwake. Ngati mizere ya m'cisoti ioneka bwinobwino, ndalamayo sinayende m'manja ambiri ndipo mtengo wake umakwera. Ngati mutu wasanduka cithunzithunzi cosalala koma malemba ndi caka ziwerengeka, ili pa mlingo wapansi. Caka cikafufutika, okonda kusunga saifunanso. Ciboo ca kobiri ndi capacibadwa, koma cimene munthu anaboola yekha pa sileni kuti avale m'khosi cimatsitsa mtengo kwambiri, monganso kupindika ndi zipsera za m'mphepete.

Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwa. Poona ndalama yakuda amatenga phulusa, mcenga kapena madzi a ndimu, namaikweca kufikira iwale ngati mbale. Kukwecako kumasiya timizere tosawerengeka ndi kucotsa khungu lakale limene odziwa amalifuna, ndipo palibe njira yolibwezera. Ndalama yothimbirira yosakhudzidwa imaposa yonyezimira yokwecedwa. Ngati ili ndi dothi, madzi ndi sopo pang'ono zikwanira, ndi kuiumitsa poigunditsa pa nsalu yofewa popanda kupukuta. Isungidwe payokha m'kapepala, pamalo pouma, pakuti cinyezi cimabala zobiriwira zija zimene zimadya mkuwa.

Ziyenera kunenedwanso poyera kuti makobiri ambiri otha a nthawi ya nkhondo anapangidwa ocuruka, ndipo mtengo wake ndi wocepa. Nkhani zomveka m'misika zakuti kobiri limodzi lingagule galimoto sizoona, ndipo munthu wouzidwa kuti ayambe walipira ndalama kuti amupezere wogula adziwe kuti akumana ndi wakuba. Zosowa zenizeni zilipo, monga masileni awiri a 1939 ndi a 1946, koma nazonso zimayesedwa ndi m'mene zathera.

Nyese imathandiza pang'ono: siliva ndi mkuwa sizikakamira ku nyese, motero sileni yokakamirako ndi yabodza. Asanagulitse, mwini ndalama alembe caka ndi mtundu wa iliyonse, auze abale ake popeza ndi cuma ca banja, ndipo amve mtengo kwa ogula awiri kapena atatu osadziwana.