MPHAKA WAMANTHA AMAFUNA POBISALA

Kodi munatengako mphaka kwa mnansi wanu, pofika naye kunyumba iye n'kuthaŵira kunsi kwa bedi? Mukamuitana, zii. Mukampatsa usipa, saulaŵa n'komwe. Mukati mumgwire, akukandani. Ena amangoti, "Mphaka uyu ngwolusa," basi n'kukamtaya kutchire. Koma nthaŵi zambiri kumeneku sikulusa ai. Ndi mantha.

Anthu amene amadziŵa bwino za mantha a mphaka ndi aja ogwira ntchito kumalo osungirako agalu ndi amphaka osoŵa mwini. Malo otere alipo m'maiko ambiri. Ziŵeto zotayika kapena zotayidwa zimasungidwa kumeneko mpaka atapezeka munthu wozifuna. Ku London kuli malo otchuka otchedwa Battersea. Ntchito yawo inayamba ndi agalu m'chaka cha 1860, ndipo mu 1883 anayamba kulandiranso amphaka. Kuno kwathu, bungwe la LSPCA ku Lilongwe limagwiranso ntchito yotereyi.

Kodi amaopa chiyani?

Mphaka ndi mlenje, inde. Koma ndi kanyama kakang'ono, ndipo nako kali ndi adani. Akaona zoopsa, nzeru yake ndi kubisala kapena kukwera pamwamba. Ndiponso mphaka amadziŵa kwawo ndi fungo. Amakhula tsaya lake pa mwendo wa mpando kapena pa chitseko, n'kusiyapo fungo lake. Akalimva fungolo, mtima umakhala pansi.

Tsono taganizani mphaka amene wangofika kumene kumalo aja. Amuika m'kakhola ka waya. Fungo lake mulibe. Akumva fungo la mankhwala ndi la amphaka achilendo. Agalu akuuwa chapafupi. Anthu osaŵadziŵa akungomsuzumira. Pothaŵira palibe. Ena amadzipanikiza pangodya, makutu atagona, maso ali tong'o. Ena amaloŵa kunsi kwa nsanza. Enanso amangotsinzina ngati agona, chikhalirecho ali maso.

Mantha ameneŵa amadwalitsa. Mphaka wamantha amaleka kudya, ndipo akakhala masiku angapo osadya chiŵindi chake chimayamba kuonongeka, makamaka ngati ali wonenepa. Amphaka ambiri ali ndi kachilombo ka chimfine kamene kamangokhala phee m'thupi. Mphaka akavutika mtima, kachilomboko kamadzuka. Amayamba kuyetsemula, maso n'kumatuluka manthongo, ndipo amapatsira anzake.

Pali vuto linanso. Munthu wodzafuna mphaka amasankha uja wabwera kutsogolo n'kumadzikhula pa waya. Wobisala pangodya amampitirira. Choncho wamantha amakhalitsa m'khola, miyezi n'kumapita.

Zimene anapeza ku Netherlands

Akatswiri a pa Yunivesite ya Utrecht, m'dziko la Netherlands, anayesa njira yosafuna ndalama. Anatenga amphaka 19 ongofika kumene kumalo ena osungirako ziŵeto. Amphaka 10 anawapatsa bokosi lobisalamo. Amphaka 9 sanawapatse. Kenaka anawayang'anira kwa masiku 14. Zimene anapeza anazifalitsa mu 2014.

Amphaka okhala ndi bokosi anali atakhazikika mtima pofika tsiku lachitatu. Anzawo opanda bokosi anatenga pafupifupi milungu iŵiri kuti afike pomwepo. Ndipo opanda bokosiwo ankayesabe kubisala. Ankadzipanikiza kuseri kwa mbale yawo ya chimbudzi, poti china panalibe.

Mwina mukuti, "Nanga ukampatsa pobisala, sazingokhala momwemo osatulukanso?" Iyai. Mphaka akadziŵa kuti ali ndi pothaŵira, amalimba mtima. Amasuzumira, n'kutuluka pang'ono, n'kubwereranso. Maŵa lake amafika pataliko. Koma uja mwamkoka m'bokosi kuti akuzoloŵereni msanga, ameneyo mwamuonjezera mantha.

Bokosi lake si lodula. Katoni ya sopo kapena ya shuga ndi yokwanira. Boolani khomo mbali imodzi loti mphaka n'kuloŵa. M'katimo yalani kansalu kakale. Kansaluko musamakachape tsiku ndi tsiku, chifukwa mukatero mukuchotsa fungo lija limamtonthoza. Katoni ikakhala yolimba, mphaka amakweranso pamwamba pake n'kumaona zonse ali pamtunda. Zimenezi amazikonda kwambiri.

Kukhala naye pafupi

Ogwira ntchito kumalo aja amasamalanso zinthu zina. Khola la amphaka amaliika kutali ndi agalu. Mbali ina ya khola amaiphimba ndi nsalu. Chakudya ndi madzi amaziika potalikira ndi mchenga wochitirapo chimbudzi. Ndani angakonde kudyera pakhomo pa chimbudzi? Amayesetsanso kuti wompatsa chakudya akhale munthu mmodzi yemweyo, pa nthaŵi imodzimodzi tsiku lililonse.

Pofika kwa mphaka wamantha, musamuimirire pamutu. Khalani pansi chammbali. Musamuyang'anitsitse m'maso, pakuti kwa amphaka kutero ndi kuputa ndeu. Muyang'aneni pang'ono, tsinzinani pang'onopang'ono, kenaka yang'anani kumbali. Mu 2020 akatswiri a ku England anaonetsa kuti munthu akatsinzina motere, mphaka amabwezera, ndipo savuta kumuyandikira ngakhale munthuyo ali mlendo.

Mawu ofatsa amathandizanso. Ku America malo ena amaitana ana a sukulu kuti adzaŵerengere amphaka mabuku. Mphaka amazoloŵera mawu a munthu popanda womgwira, mwananso amazoloŵera kuŵerenga mokweza. Inunso yesani ndi kabuku kano. Mphaka saseka munthu akaphonya liwu.

Akayamba kudya, yambani kuseŵera naye. Mangani nthenga ya nkhuku kuchingwe, chingwecho kukamtengo. Kokani nthengayo pansi, izipita kutali ndi iye monga imachitira mbeŵa pothaŵa. Mtima wa ulenje ukamgwira, amaiŵala mantha. Mukatha, chotsani chingwecho, chifukwa akachimeza chimavulaza matumbo.

Tisanamizane, si onse amene amasintha mofanana. Mwana wa mphaka amazoloŵera anthu mosavuta akamagwiridwa ali ndi milungu 2 mpaka 7. Amene anakulira kutchire osagwiridwapo, mwina sadzalola kunyamulidwa moyo wake wonse. Koma makoswe a kunkhokwe adzagwira ndithu, bola muzimpatsa chakudya, madzi ndi pogona.

Mukabwera naye kwanu

Kaya mwamtenga ku bungwe kaya kwa mnansi, njira ndi yomweyi. Mtsekereni m'chipinda chimodzi kwa milungu iŵiri kapena kupitirirapo. Muikireni katoni yake, madzi, chakudya, ndi beseni lakale lothira mchenga. Ana muwauze kuti asamthamangitse kapena kupisa dzanja m'katonimo. Akakhala masiku aŵiri osadya kanthu, kaonaneni ndi alangizi a ziŵeto. Afunseninso za katemera wa chiwewe, pakuti amphaka nawonso amadwala matendaŵa.

Mphaka akakulumani kapena kukukandani mpaka magazi, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15. Kenaka pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Chiwewe chikayamba kuonekera m'thupi sichichizika.

Mudzadziŵa bwanji kuti wazoloŵera? Adzayamba kudya inu muli pomwepo. Adzadzinyambita ubweya, n'kugona atatambasula miyendo. Tsiku lina adzabwera kwa inu mchira uli chilili. Apo mukhoza kumtsegulira chitseko. Mtsegulireni mmaŵa asanadye, galu atamangidwa, ndipo chitsekocho muchisiye chotsegula. Pakapita kanthaŵi, gogodani mbale yake n'kumuitana.