Kavalo sadumpha mpanda chifukwa cha chikoti

Pa 6 Ogasiti 2021, ku masewera a Olimpiki mumzinda wa Tokyo, Annika Schleu wa ku Germany ankatsogola pa mpikisano wa modern pentathlon, ndipo mendulo ya golide inali ikumununkhira. Kenaka inakwana nthawi yodumpha mipanda pakavalo. Lamulo la mpikisanowu linkati munthu asabwere ndi kavalo wake. Ankachita maere, ndipo wopikisana ankapatsidwa mphindi 20 zokha kuti adziwane ndi kavalo amene wamugwera. Schleu anamugwera Saint Boy, yemwe tsiku lomwelo anali atamukanira kale wopikisana wina.

Saint Boy anakananso. Ankangobwerera cham'mbuyo, Schleu misozi ili chuchuchu, chikoti chili m'manja. Mphunzitsi wake, Kim Raisner, anaoneka pa kanema akumenya kavaloyo ndi nkhonya, ndipo mphunzitsiyo anachotsedwa ku masewerawo. Phokoso linakula moti akuluakulu a modern pentathlon anagamula zochotsa akavalo m'mpikisano wawo masewera a ku Paris a 2024 akatha.

Anthu amene ntchito yawo n'kudumpha mipanda pakavalo sanadabwe. Kwa iwo mphindi 20 n'zoseketsa, chifukwa amawerenga zaka. Ku Olimpiki, kavalo wa masewera awowa, otchedwa show jumping, saloledwa asanakwanitse zaka 9, ndipo mipanda yake imafika mamita 1.65, pafupifupi msinkhu wa munthu wamkulu. Kugwetsa mtanda ndi chilango cha mapointi 4. Kavalo akakana kamodzi, 4 ena. Akakana kachiwiri, kapena wokwera akagwa, mpikisano wathera pomwepo.

Chimene owonera ambiri sachidziwa chili m'maso mwa kavalo. Maso ake ali cham'mbali mwa mutu, choncho amaona bwino kumanzere ndi kumanja, koma pafupi ndi mphuno pake saonapo. Akamayandikira mpanda amauona uli patali n'kuuyeza, koma pamene akunyamuka, mpandawo umakhala utamusowa. Amadumpha chinthu chimene wangochikumbukira, podalira kuti amene ali pamsana wamufikitsa pamalo oyenera ndi liwiro loyenera. Nyama yolemera makilogalamu 500 kapena kuposa imadzaterera mwendo umodzi wakutsogolo, winawo n'kutsatira. Munamizeni kawiri katatu, mum'gunditse mitanda, ndipo tsiku lina adzaima njii patsogolo pa mpanda, inu n'kupitirira nokha cham'mutu.

Amene anasintha kakweredwe ndi Federico Caprilli, msilikali wa ku Italy yemwe ankaphunzitsa pa sukulu ya asilikali okwera akavalo ku Pinerolo. Kale wokwera ankatsamira kumbuyo podumpha, akukoka zingwe, poganiza kuti akuthandiza kavalo. Caprilli anakhala pansi n'kuyang'anitsitsa akavalo akudumpha okha popanda munthu, ndipo anaona kuti amatambasula khosi n'kupinda msana. Ndiye anati wokwera afupikitse zopondera, adzuke pang'ono pachishalo, aweramire kutsogolo, manja atsatire pakamwa pa kavalo. Lero aliyense amakwera chomwecho. Mwiniwakeyo anamwalira mu 1907 ku Turin atagwa pakavalo, zomwe zimakumbutsa kuti luso silichotseratu ngozi.

Maphunziro ake amayambira pansi penipeni. Mphunzitsi amagoneka mtengo umodzi pamchenga, kavalo n'kuudutsa akuyenda. Mawa mitengo itatu kapena inayi yotalikirana mofanana, kuti aphunzire kunyamula ziboda ndi kuponda mwadongosolo. Pambuyo pake mitengo iwiri yopingasa, yotsika pakati, yomwe imamukokera yokha kuti adumphire pakatikati. Oika mipanda amawerengera kuti kavalo akamathamanga, sitepe yake imodzi imatalika mamita pafupifupi 3.6, ndipo mphunzitsi amayenda ndi miyendo yake pakati pa mipanda kuyeza mtunda asanalole aliyense kudumpha. Kavalo akalakwitsa, mtanda amautsitsa, saukweza. Mafupa a msana wake amachedwa kukhwima, mpaka zaka 5 kapena 6, n'chifukwa chake mpikisano wa akavalo aang'ono wa ku Lanaken, ku Belgium, amaugawa m'zaka 5, 6 ndi 7, gulu lililonse ndi mipanda yake. Fodya wa panazale sumukoka masamba kuti akule msanga.

Wokwera nayenso amayamba ngati mwana. Mphunzitsi amaima pakati pa bwalo atagwira chingwe chachitali, kavalo akuzungulira, wophunzira ali pamsana popanda zingwe m'manja, nthawi zina popanda zopondera. Cholinga n'chakuti akhazikike ndi miyendo, asamagwirire pakamwa pa kavalo. Mawu amene amamveka tsiku lonse m'mabwalo otere ndi omwewomwewo: maso kutsogolo, zidendene pansi, usayang'ane mtanda. Woyang'ana pansi thupi limamutsatira komweko, ndipo kavalo amamva msanga kuti pamsana pasintha.

Alipo ofuna njira yachidule, ndipo apa mpamene masewerawa amadetsedwa. Ena amakweza mtanda dala pamene kavalo ali m'mwamba kuti umumenye miyendo, ati aziopa n'kumadumpha mopitirira. Kanema wa mchitidwewu anautsa mkwiyo ku Germany mu 1990, ndipo bungwe loyang'anira masewera a akavalo padziko lonse la FEI, lomwe linakhazikitsidwa mu 1921 ndipo likulu lake lili ku Lausanne, limauletsa. Ku Olimpiki ya 2008, akavalo anayi odumpha anapezeka ndi capsaicin, mankhwala amene amachititsa tsabola kuwawa. Atapakidwa m'miyendo, khungu limanyerenyetsa moti kukhudza mtanda pang'ono kumapweteka. Dziko la Norway linalandidwa mendulo ya bronze chifukwa cha mmodzi mwa akavalowo. Kunena mosapsatira, kavalo wodumpha chifukwa cha mantha ndiye woopsa kwambiri kumukwera, chifukwa sudziwa tsiku limene manthawo adzapose kumvera.

Zipangizo nazo zasintha. Mitanda ya masiku ano ndi yopepuka ndipo imakhala pa timbale tosaya tomangirira kunsichi, kuti ikagundidwa igwe yokha m'malo mokola miyendo. Pa mipanda yotambalala, timbale ta mtanda wakumbuyo timamasuka kavalo akaterapo. Mchenga wa pabwalo amauthira madzi ndi kuusalaza pafupipafupi: ukauma gwaa umapweteka mfundo za miyendo, ukafewetsa umakoka mitsempha. Ndipo kuyambira mu 2021, FEI imalamula kuti aliyense amene ali pakavalo pa mipikisano yake avale chipewa choteteza mutu.

Ngakhale zili choncho, akatswiri amagwabe. Nick Skelton wa ku Britain anathyoka khosi mu 2000 ndipo anasiya kupikisana. Atachira anabwerera pachishalo. Ku London mu 2012 anapata golide wa timu ali pa kavalo wotchedwa Big Star, ndipo kavaloyo atavulala, Skelton anamusunga osamupikisanitsa kawirikawiri, kudikira Rio de Janeiro. Kumeneko mu 2016 awiriwa anatenga golide, Skelton ali ndi zaka 58, Big Star 13.