Masewero a nthano momwe mkondo umodzi umapha

Ku Domwe ndi ku Ulongwe anyamata akamavina ingoma amanyamula chishango ndi mkondo, koma madzulo onse amabwerera kwawo ali amoyo. Ku America kudayamba masewero ena a nkhondo, ochitikira pa tebulo ngati bawo. Mmodzi amasimba nthano, anzake nkukhala ankhondo a m'nthanoyo, ndipo wopambana pa ndewu amadziwika poponya madayisi.

M'masewero oyamba a mtunduwu, Dungeons & Dragons, omwe adatuluka mu 1974, ngwazi imabayidwa kangapo koma nkumamenyabe nkhondo ngati yangolumidwa ndi udzudzu. Mu 1978 kudabwera ena otchedwa RuneQuest. M'menemu dayisi ndiye amanena pomwe mkondo walasa: kumutu, pachifuwa, pamkono kapena pamwendo. Bala lalikulu la pamwendo limagwetsa wankhondoyo. La kumutu lingamuphe, ngakhale wosewerayo wayenda naye m'nthanomo chaka chathunthu.

Nchifukwa chake osewera RuneQuest ochenjera amayamba aganiza zokambirana, zothawa kapena zopereka dipo asanasolole mkondo. Anthu a ku Angónia amene adathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu nkhondo isanathe mu 1992 sangawatche amantha osewerawa.