Kodi Tidzati “Ndadala” Liti?

Makolo athu anatisiyira mwambi wakuti linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Mwambi umenewu ngwanzeru, ndipo sindifuna kuunyoza, pakuti unapulumutsa ambiri amene akadayamba kuvina m’mbali mwa mtsinje madzi asanaphwe. Koma ndaona kuti ife a masiku ano tauika pamalo pamene eni ake sanauike. Mukafunsa munthu kuti, “Mwauka bwanji?” amayankha kuti, “Tauka, koma...” ndipo pambuyo pa “koma” ameneyo pamatsata mtengo wa unga, feteleza wocedwa, msana wowawa ndi ngongole ya ku sitolo. Zonsezi n’zoona. Cimene cindivuta n’cakuti ndapitirira zaka 50 tsopano, ndipo sindinaonepo caka cimene madzi onse anapitiratu. Awa akapita, ena amakhala atafika kale pakhomo.

Owerenga anzanga acikulire akumbukira cilala ca 1992, pamene cimanga cinapserera m’minda m’dziko lathu ndi m’maiko ena a kumwera kwa Africa, ndipo tinadya nsima ya cimanga cacikasu cocokera kunja. Panthawiyo ndinali nditangotsiriza sukulu ya ku mishoni, ndiri pamudzi, nchito kulibe. Amai anga, amene sanaponde m’kalasi, anayamba mwambo wina umene ife ana tinali kuuona ngati cibwana. Madzulo tikasamba m’manja, tisanateme nsima, anali kufunsa mmodzimmodzi kuti, “Iwe, lero waona ciani cabwino?” Yankho lakuti “palibe” sanali kulilandira, unali kukhala ndithu ndi manja onyowa mpaka utapeza kanthu. Wina anali kunena za nkhuku imene yaikira dzira, wina za kukwera ngolo ya eni ake pocokera ku cigayo. Tsiku lina kumapeto kwa cakaco mng’ono wanga, atasowa conena, anati, “Ndaona inswa imodzi pa koloboi.” Tonse tinaseka. Amai sanaseke. Anati, “Inswa situluka pa nthaka youma. Kwinakwake pafupi mvula yagwa.” Usiku umenewo tinagona tikumvetsera denga.

Kuyambira nthawi imeneyo ndimaona nyengo ya mvula yoyamba ngati sukulu ya tinthu ting’onoting’ono tokondweretsa mtima. Ndipo taonani kuti tinthu timeneti timabwera pa nthawi yoipitsitsa ya caka, nkhokwe zitayamba kuonetsa pansi, ndalama zonse zitapita ku mbeu.

Coyamba ndi fungo. Madontho oyamba akagwa pa fumbi la Okutobala kapena Novembala, palibe munthu amene amakhala m’nyumba. Ngakhale nkhalamba imatulukira pakhonde kukakoka mpweya. Akatswiri a sayansi anapeza kuti mbali yaikulu ya fungo limeneli imacokera ku tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala m’dothi, ta mtundu wochedwa Streptomyces. Madontho akamenya nthaka amaulutsa m’mwamba cimene tizilomboti timapanga, ndipo mphuno ya munthu imacimva ngakhale cikhale cocepa kwambiri. Mtundu womwewu wa tizilombo ndi umene unatipatsa mankhwala a streptomycin, amene anapezeka mu 1943, oyamba kugonjetsa cifuwa cacikulu ca TB. Nditamva zimenezi ndinaleka kunyoza fumbi la pabwalo panga.

Zikatero pamabwera inswa. Ana amathamanga ndi mabeseni a madzi kukaika pansi pa nyale, amai amakoleza mbaula, ndipo m’kanthawi kocepa mudzi wonse ukununkhira. Inswa sizifuna mafuta ophikira, ziri ndi akeake. Kamcere pang’ono, basi ndiwo zapsa. Ambiri sitidziwa kuti inswa ndi ana a ciswe amene akutuluka m’culu kukayamba mabanja. Zikauluka pang’ono zimagwa pansi, zimathothola mapiko, yaimuna n’kutsata yaikazi kukafuna pokumba, ndipo ziwirizo zikapulumuka zimakhala mfumu ndi mfumukazi ya culu catsopano. Zopulumuka n’zocepa, cifukwa mbalame, acule, nyerere ndi ife tomwe timakhala tikudikira.

Culu comweco cimatipatsanso bowa. M’kati mwake ciswe cimalima munda wakewake: cimatafuna udzu ndi mitengo youma, n’kuunjika m’zipinda za pansi, ndipo pamenepo pamamera nkhungu imene ciswe cimadya. Mvula ikalowa bwino, nkhungu imeneyi imaboola dothi n’kutuluka ngati bowa waukulu uja wa pa culu, monga utale. Mu 1980 akatswiri awiri, David Pegler ndi Graham Piearce, analemba m’mabuku a sayansi mtundu wina wa bowa wa pa culu wopezeka muno mu Zambia, n’kuupatsa dzina lakuti Termitomyces titanicus. Cipewa cake cimatha kufika mita imodzi m’lifupi, ndipo umadziwika kuti ndiwo bowa wodyedwa waukulu koposa pa dziko lonse. Azimai a kumudzi anali ataudya kale zaka zosawerengeka akatswiriwo asanabadwe. (Pano ndicenjezeko pang’ono: bowa amene simumudziwa bwino musamuzule, ndipo mwana asapite yekha kukafuna. Wina amafanana ndi wodyedwa, koma amapha.)

Sindinene zambiri za masuku ogwa okha m’thengo, za mango oyamba amene ana amadya asanapse, kapena za mileme mamiliyoni imene imasonkhana ku Kasanka kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka Disembala kudzadya zipatso za nyengoyi. Aliyense ali ndi mndandanda wake.

Tsono funso langa ndi ili: n’cifukwa ciani tiyenera kuuzana tinthu totere, m’malo mongokondwera camumtima? Tiyeni tinene zoona, abale anga. Pakati pathu nkhani zabwino zazikulu timazibisa. Munthu akagula malata amawalowetsa m’nyumba usiku. Mwana akapeza nchito ku Lusaka timauza anthu kuti “wangopita kukaceza kwa amalume ake.” Timaopa nsanje, timaopa opempha, ndipo ena timaopa zimene sitichula masana. Cotsatira cake n’cakuti pa bwalo, pa citsime ndi pa cigayo pamatsala nkhani za mavuto zokhazokha, popeza mavuto palibe amene amakucitira nsanje. Ana athu amakula akumva zimenezo m’mawa ndi madzulo, ndipo amaphunzira kuti munthu wamkulu ndi amene amadandaula. Mnyamata amene kwa zaka 20 sanamvepo atate ake akunena kuti “lero kwaca bwino,” tisadabwe akaona kuti pamudzi palibe comukhalitsa.

Apa m’pamene tinthu ting’onoting’ono timaposa zazikulu. Fungo la mvula liribe mwini wake. Palibe amene analodzedwapo cifukwa cakuti anaona utawaleza, kapena cifukwa cakuti nsima ya lero yapsa bwino. Nkhani zotere mungathe kuzinena mokweza kwa aliyense, ngakhale kwa uja amene munakangana naye za malire a munda, ndipo iye akhoza kukuyankhani popanda kutaya ulemu wake. Ndaona anthu awiri amene sanalankhulane caka cathunthu akuyamba kupatsana moni cifukwa ca mau atatu okha: “Yagwa bwino lero.”

Mu 2004 katswiri wina wa maganizo a anthu ku America, Shelly Gable, pamodzi ndi anzake, anafalitsa zimene anapeza atafufuza nkhani yomweyi. Anaona kuti munthu akauza mnzake cabwino cimene camucitikira, cimwemwe cake cimakula kuposa cimene cinthuco cikadampatsa akadakhala cete, makamaka ngati womverayo walandira nkhaniyo ndi mtima wonse. Mbali yaciwiriyi ndi imene imatigwira ife amuna. Mkazi akati, “Taonani maungu amera,” ife timayankha kuti, “Mbuzi zidya.” Mwana akabwera ndi kalulu woumba ndi dothi timamufunsa ngati watunga madzi. Sitinatukwane munthu, koma tazima kandulo imene wina anabwera nayo atateteza ndi manja. Ndikunena izi monga wopalamula. Akazi anga akhoza kucitira umboni.

Wina adzati, “Aphunzitsi, kodi mufuna tiziseka uku m’mimba muli njala? Kodi sizimene amafuna olamulira, kuti tizikondwera ndi inswa n’kuiwala mtengo wa unga?” Funso limeneli ndimalilemekeza. Iai, dandaulo liri ndi malo ake, ndipo malo akewo ndi pamaso pa amene angathe kukonza zinthu: kwa amfumu, kwa khansala, kwa phungu wa ku nyumba ya malamulo, ndi pa tsiku loponya voti. Koma ife dandaulo timalipereka kwa ana pa mphasa, amene sangacitepo kanthu, ndipo tikafika pamaso pa akuluakulu timangoomba m’manja. Amai anga mu 1992 sanali kunamizira kuti njala kulibe. M’mawa mwake anali kudzuka tambala woyamba kukaima pa mzere wa cimanga monga wina aliyense. Funso lao la madzulo linali kuwapatsa mphamvu yakuti adzukenso.

Cilala cinabweranso m’masiku athu ano. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko liri pa tsoka cifukwa ca kusowa kwa mvula, ndipo zokolola za cimanga cakaco zinatsika kufika pafupifupi theka la za caka capambuyo pake. Madzi atacepa m’nyanja ya Kariba, malaiti anali kuzima maola 17 pa tsiku, nthawi zina kuposa pamenepo. Ndinagona masiku angapo kwa mwana wanga m’komboni ina ya mu Lusaka m’miyezi imeneyo. Anthu anali otopa, owotcherera zitsulo ndi ometa tsitsi ali manja lende. Koma usiku wina, ca m’ma 10 koloko, ndinamva mfuu ikuyambira kutali, ikudumpha nyumba ndi nyumba mpaka kufika pa ife: “Abwera! Malaiti abwera!” Anali ana. Palibe anawatuma, ndipo aliyense anali kudzionera yekha kuti babu layaka, komabe anaona kuti nkhani yotere siyenera kukhala m’nyumba imodzi. Ndinaona azimai akuseka uku akuthamangira ku nsimbi ndi ku machaja a foni, akudziwa bwino kuti pofika m’mawa kudzakhalanso mdima.

Nditabwerera kwathu kum’mawa, mvula itayamba kumapeto kwa cakaco, ndinapita kukaona agogo ena amasiye amene munda wao wonse unapsa. Ndinakonzekera kumva madandaulo, ndipo akadakhala ndi ufulu wonse wowanena. Anandipatsa mpando, anayang’ana uku ndi uku, n’kundinong’oneza kuti, “Aphunzitsi, mbuzi yanga yaswa ana awiri, koma musauze anthu.” Ndinalonjeza, ndipo poti sindinachule dzina lao kapena mudzi wao, ndikhulupirira kuti sindinaswe lonjezo. Tiri pakati pa kuceza, mdzukulu wao anatulukira ku thengo atasenza utale waukulu ngati ambulera. Agogo aja anaiwala ndodo yao. Anaimirira, naitana mokweza anansi a mbali zonse ziwiri kuti adzaone, ndipo bowa uja anaugawa patatu. Gawo langa ndinalimanga m’masamba a nthoci, n’kulipacika pa njinga.